Madzi ozimitsira moto: alipire ndani?

Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha wa pa 8 Januwale 2025, ozimitsa moto m'mapiri a Pacific Palisades ku Los Angeles ankatsegula mipopi ya m'mbali mwa msewu koma madzi osatuluka. Matanki atatu a kumtunda, iliyonse ya malita pafupifupi 3.8 miliyoni, anali ataphwa: yoyamba madzulo a dzulo lake, yachiwiri usiku, yachitatu kunja kusanache. Janisse Quiñones, yemwe panthawiyo adali mkulu wa bungwe la madzi ndi magetsi la mzindawo, adauza atolankhani kuti kwa maola 15 osalekeza, derali lidakoka madzi ochuluka kanayi kuposa masiku onse. Chapafupi pomwepo padali damu la Santa Ynez, lotha kusunga malita 443 miliyoni, koma lidali gwa, chifukwa adalikhuthula chaka cham'mbuyo kuti akonze chivundikiro chake chomwe chidang'ambika. Motowo utazima, nyumba ndi zomanga zina pafupifupi 6,800 zidali phulusa, ndipo anthu 12 adataya miyoyo.

Bwanamkubwa wa chigawo cha California, Gavin Newsom, adalamula kuti pakhale kafukufuku, ndipo anthu okwiya adafunsa funso limodzi: madzi adali kuti? Koma tsoka lotere likadutsa, ku America kumabwera funso lina, ndipo limafika mu envulopu. Ndi kalata ya bungwe la madzi yodziwitsa kuti mitengo ikwera pofuna kugula mapaipi akuluakulu, matanki atsopano ndi mapampu amphamvu, kuti moto ukadzabuka madzi adzapezeke. Anthu omwe aja ankafunsa za madzi amayamba kugawikana. Ena amati lipirani msanga, moyo ulibe sitolo. Ena amakana kwamtuwagalu, ndipo si onse okanawo omwe ali aumbombo kapena osamvetsa. Ambiri a iwo ali ndi mfundo yomwe makhoti ena adaivomereza kale.

Kuti mkanganowu umveke, ndi bwino kuyamba ndi paipi yeniyeniyo.

Banja wamba la ku America limagwiritsa ntchito malita oposa 1,100 patsiku, kuphatikiza kusamba, kuchapa, kuphika ndi kuthirira kapinga. Madzi amenewa amatuluka pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo kapaipi kakang'ono kangawakwanitse. Moto ndiye sudikira. Malamulo omwe mizinda yambiri imatsata amafuna kuti mpopi wozimitsira moto, chitsulo chachifupi chija chimaima m'mbali mwa msewu chomwe eni ake amachitcha hydrant, uzitha kutulutsa malita pafupifupi 3,800 pa mphindi imodzi kwa ola lathunthu pofuna kuteteza nyumba wamba ya banja limodzi. Kunena kwina, madzi omwe banja limathera masiku atatu, mpopiwo uyenera kuwalavula m'mphindi imodzi. Sitolo zikuluzikulu, mafakitale ndi nyumba zosanja zimafuna ochuluka katatu kapena kanayi kuposa pamenepo.

N'chifukwa chake paipi yodyetsa mpopi wotere sichepera masentimita 15 m'mimba mwake, ngakhale mumsewu wa nyumba khumi zokha. Thanki imamangidwa yokulirapo kuti pansi pake pazikhala madzi osakhudzidwa, odikira tsiku la ngozi. Mapampu amagulidwa amphamvu kuposa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. M'matauni ang'onoang'ono, chomwe chimalamula kukula kwa mapaipi onse si ludzu la anthu ayi, koma moto womwe mwina udzabuka kamodzi pazaka makumi awiri. Boma la chigawo cha Maine lidawerengera zimenezi n'kuika lamulo loti gawo la moto likhale pakati pa 6 ndi 30 peresenti ya ndalama zonse zomwe bungwe la madzi limatolera, ndipo tauni ikachepa, gawolo limakwera kuyandikira 30. Madzi enieni omwe amathiridwa pamoto pachaka ndi ochepa kwambiri moti sangasinthe bilu ya munthu. Chodula ndi kukhala chire usana ndi usiku.

Palinso vuto lomwe mainjiniya amalidziwa koma silimveka kawirikawiri pamisonkhano. Madzi akakhala nthawi yaitali m'paipi yaikulu yomwe anthu ochepa akutungamo, mankhwala a klorini amatha mphamvu, ndipo ogwira ntchito amakakamizika kutsegula mipopi n'kumataya madzi abwinobwino mumsewu kuti alowe atsopano. Kukulitsa paipi chifukwa cha moto kungathe kuipitsa madzi akumwa a munthu yemweyo akulipira.

Mfundo yaikulu ya otsutsa yagona apa. Bilu ya madzi, iwo amati, ndi mtengo wa chinthu chomwe munthu wagula: wamwa malita akutiakuti, alipire zakutizakuti. Kuzimitsa moto ndi ntchito ya boma, monga apolisi ndi magetsi a mumsewu, ndipo imateteza aliyense, ngakhale mlendo wongodutsa pagalimoto yemwe alibe mita mumzindamo. Ntchito za boma zimalipiridwa ndi msonkho, womwe makhansala amauika poyera n'kudzayankhapo pachisankho. Kulowetsa mtengo wa moto m'bilu ya madzi, malinga ndi iwo, n'kubisa msonkho m'thumba la chinthu chomwe palibe angakane kugula.

Komanso chomwe mpopi wozimitsira moto umateteza ndi katundu, ndipo katundu sayenderana ndi mita. Nyumba yosungiramo katundu ya madola mamiliyoni ingakhale ndi chimbudzi chimodzi ndi kasinki, bilu yake n'kukhala yochepa, koma ndiyo imachititsa kuti msewu wonse ufune paipi yaikulu. Mayi wa ana asanu wokhala m'kanyumba ka lendi amachapa tsiku ndi tsiku, mita yake imathamanga, pomwe katundu wake yense angakwane m'lole imodzi. Mtengo wa moto ukaikidwa pa lita iliyonse, mayiyu amasenza katundu wolemera kuposa mwini nyumba yosungiramo katundu uja. Mfundo imeneyi njovuta kuigwetsa, ndipo mabungwe a madzi omwe amayankha pongonena kuti chitetezo n'cha tonse amakhala akuizemba.

Ku Seattle nkhaniyi idafika kukhothi lalikulu la chigawo cha Washington. Mu 2003, pamlandu wa Okeson, oweruza adagamula kuti magetsi a mumsewu ndi ntchito ya boma ndipo mtengo wake usaikidwe pa mabilu a magetsi a m'nyumba. Odandaula adaona kuti khomo latseguka, n'kubwereranso ndi nkhani ya mipopi ya moto. Mu 2008, pamlandu wa Lane, khothilo lidagwirizana nawo: kupereka mipopi yozimitsira moto ndi udindo wa boma la mzinda, ndipo ndalama zake zichokere m'thumba la msonkho. Mzinda udalamulidwa kubweza ndalama zomwe olipira madzi adadulidwa kwa zaka pafupifupi zitatu.

Chimwemwe cha opambanawo chidali chapakamwa. Akuluakulu a mzinda adali atanunkhiza kale komwe mphepo ikulowera, ndipo adakweza msonkho womwe mzinda umadula bungwe lake lomwe la madzi. Bungwelo lidakweza mitengo kuti lilipire msonkhowo, ndalamazo n'kulowa m'thumba la mzinda, mzinda n'kuzibweza kubungwe ngati malipiro a mipopi. Khothi lomwelo, pachigamulo chomwecho, lidati njira imeneyo njololedwa, poti khonsolo ili ndi mphamvu yoika msonkho. Ndalama zidapitiriza kuchoka m'thumba lomwe lija, kungoti tsopano zinkayenda njira yokhotakhota. M'madera ena a chigawocho mudabuka chisokonezo, chifukwa mabungwe ambiri a madzi amatumikira matauni angapo ndipo alibe mphamvu yodula msonkho aliyense. Mu 2013 nyumba ya malamulo ya Washington idakhazikitsa lamulo lolola mabungwewo kutolera mtengo wa moto kudzera m'mabilu.

Ku California otsutsa adali ndi chida chooneka chakuthwa kuposa chimenecho. Mu Novembala 1996 ovota adavomereza Proposition 218, yomwe idalimbikitsidwa ndi gulu la okhoma msonkho la Howard Jarvis Taxpayers Association. Lamuloli, lomwe lili m'malamulo aakulu a chigawocho, limati mtengo wa madzi usapitirire zomwe bungwe limawononga potumikira malo a munthuyo. Limaletsanso kulipiritsa eni malo chifukwa cha ntchito za boma zomwe aliyense amapindula nazo mofanana, ndipo pamndandanda wa zitsanzo limatchula apolisi, ambulansi, malaibulale ndi ozimitsa moto. Mu Febuluwale 2020, maloya adasumira mabungwe a madzi 81 nthawi imodzi pamlandu wa Kessner, ponena kuti onsewo akuphwanya lamulo polowetsa mtengo wa mipopi ya moto m'mabilu.

Mabungwewo sadadikire chigamulo. Adathamangira kunyumba ya malamulo ku Sacramento, ndipo pofika Sepitembala chaka chomwecho bwanamkubwa adali atasainira lamulo la SB 1386, lomwe adalipereka phungu John Moorlach. Lamulolo lidati mipopi ya moto ndi madzi ake ndi mbali ya ntchito ya madzi yoperekedwa kwa eni malo, popeza mpopi umaima pafupi ndi nyumba kuti uteteze nyumbayo. Adasiyanitsa galimoto ya ozimitsa moto, yomwe ndi ya anthu onse, ndi paipi ya pansi pa msewu, yomwe akuti ndi ya nyumba zoyandikana nayo. Kusiyanitsaku sikopanda nzeru. Komabe kumangoyankha funso loti kodi n'kololedwa, osati loti kodi mtengowo wagawidwa mwachilungamo.

Nanga munthu wamba wofuna kukana amatani? Proposition 218 imalamula bungwe kutumiza kalata kwa eni malo, n'kudikira masiku osachepera 45 lisanachititse msonkhano wa onse. Ngati eni malo oposa theka alemba makalata okana, mitengo singakwere. Papepala zikuoneka zamphamvu, koma pochita n'zovuta zedi, chifukwa aliyense wokhala chete amawerengedwa ngati wavomera. Mumzinda wa mabanja 50,000, otsutsa ayenera kusonkhanitsa makalata 25,001 m'milungu isanu ndi umodzi, pomwe anthu ambiri kalata ya bungwe amaitaya osaiwerenga. Njirayi imatheka makamaka m'matauni ang'onoang'ono momwe anthu odzipereka angathe kugogoda khomo ndi khomo.

Ngakhale m'tauni yaing'ono si nthawi zonse zimayenda. Ku Dunsmuir, katauni ka m'mapiri a kumpoto kwa California ka anthu osakwana 2,000, khonsolo idakweza mitengo mu 2016 kuti isinthe thanki ya zaka zoposa 100 ndi mapaipi okalamba. Makalata okana sadakwane. Leslie Wilde, yemwe ankatsogolera otsutsa, adasonkhanitsa ma siginecha kuti nkhaniyo ipite ku referendamu, khonsolo idakana, ndipo mlandu udakwera mpaka kukhothi lalikulu la California. Mu Ogasiti 2020 oweruza adagamula kuti mitengo ya madzi singaimitsidwe ndi referendamu, popeza ndi ndalama zoyendetsera ntchito yomwe boma silingaime nayo. Khomo lotsala ndi loti anthu alembe okha lamulo lotsitsa mitengo n'kulivotera, zomwe khothi lomwelo lidaloleza mu 2006.

Mabungwe a madzi nawonso ali ndi yankho lomwe liyenera kumvedwa, ndipo limaonekera bwino ku Wisconsin. Kumeneko mtengo wa moto umawerengedwa padera ndi bungwe la boma loyang'anira mitengo, ndipo kuyambira mu 1988 khonsolo iliyonse imasankha: ilipire kuchokera ku msonkho wa malo, kapena iuike pa mabilu a madzi. Makhonsolo ambiri asamukira ku mabilu, mwa zina chifukwa boma la chigawo lidawaikira malire pokweza msonkho wa malo. Oikira kumbuyo kusamukaku amakumbutsa kuti matchalitchi, masukulu, zipatala zina ndi maofesi a boma sakhoma msonkho wa malo, pomwe nyumba zawo n'zikuluzikulu ndipo zikayaka zimafuna madzi ambiri. Bilu ya madzi ndiyo njira yokha yowafikira. Mfundo imeneyo njoona. Koma Wisconsin yomweyo ikusonyeza kuti bilu siyenera kutsata malita: makhonsolo amaloledwa kugawa mtengowo potengera kukula kwa mita, kukula kwa nyumba kapena mtengo wa malowo pamsika, ndipo umalembedwa pamzere wakewake kuti wolipira auone. Mzere umodzi umenewo umathetsa theka la mkangano, chifukwa munthu amadziwa chomwe akukangana nacho.

Funso lachiwiri la otsutsa n'lolemera kuposa loyamba: kodi ndalamazi zikaperekedwa, zidzapulumutsadi nyumba?

Mapaipi a mumzinda adapangidwira kuzimitsa nyumba imodzi kapena ziwiri zoyaka nthawi imodzi. Moto wolusa wochokera kutchire, wokankhidwa ndi chimphepo, umayatsa nyumba mazanamazana m'maola ochepa. Nyumba ikapsa, mapaipi ake amasungunuka kapena kuthyoka, madzi n'kumangokhuthukira m'phulusa. Nyumba 500 zikapsa, ndiye kuti pali mabowo 500 otaya madzi, ndipo mphamvu ya madzi imagwa m'dera lonse. Ku Lahaina pachilumba cha Maui, pa 8 Ogasiti 2023, ozimitsa moto adaona madzi akufooka m'manja mwawo pachifukwa chimenechi, ndipo anthu pafupifupi 100 adafa. Ku Colorado pa 30 Disembala 2021, moto wa Marshall ukuwononga nyumba zoposa 1,000, ogwira ntchito za madzi ankalowa m'misewu yoyaka kukatseka mavavu a nyumba zakupsa imodziimodzi, ndipo ku Louisville adafika potsegulira madzi osathira mankhwala m'mapaipi a tauni kuti ozimitsa moto asaume manja.

Ku Palisades nako, madzi mumzinda wa Los Angeles sadathe. Vuto lidali lowakweza kuphiri: anthu a kumunsi ankakoka madzi ambiri moti mapampu sankatha kudzaza matanki a kumtunda mofulumira. Ndege zozimitsira moto, zomwe ndizo chida chachikulu pamoto wotere, zidaimitsidwa usikuwo chifukwa cha mphepo. Martin Adams, yemwe adatsogolerapo bungwe la madzi la mzindawo, adanena kuti damu la Santa Ynez likadakhala lodzadza likadathandizako, koma silikadapulumutsa derali. Kusiya damu lili gwa kwa pafupifupi chaka chathunthu n'kulephera komwe anthu ali ndi ufulu wokwiya nako. Koma bungwe lomwe lingauze anthu kuti akalipira zambiri moto wotere sudzawafikanso, likuwanamiza.

Apa otsutsa amaloza kwina komwe dola ingagwire ntchito yaikulu. Nyumba zambiri pamoto wa kutchire zimayaka ndi mbaliwali zouluka ndi mphepo, zomwe zimagwera padenga, m'ngalande za denga zodzadza masamba ouma, kapena kulowa m'mabowo opitira mpweya. Kuyambira 2008, California imalamula kuti nyumba zatsopano m'madera a chiopsezo zikhale ndi madenga osayaka msanga ndi mabowo otchinga ndi sefa. Moto wa Camp utawononga tauni ya Paradise mu Novembala 2018, kupha anthu 85, atolankhani a nyuzipepala za McClatchy adawerengera n'kupeza kuti pa nyumba zomangidwa lamuloli litayamba, 51 peresenti zidapulumuka osawonongeka, pomwe pa zakale zidapulumuka 18 peresenti zokha. Zaka za nyumba si chifukwa chokhacho, poti kutalikirana kwa nyumba kumathandizanso, koma kusiyanaku n'kwakukulu, ndipo sikudachokere m'paipi iliyonse.

Paradise idaonetsanso kufooka kwina kodalira mabilu. Madzi ataphwa m'mapaipi, utsi ndi mapulasitiki osungunuka zidasiya poizoni wa benzene m'madzi akumwa, monga zidachitikira ku Santa Rosa chaka cham'mbuyo mwake. Bungwe la madzi la tauniyo lidafunika kukonza zambiri panthawi yomwe makasitomala ake pafupifupi 9 mwa 10 alionse adalibenso nyumba. Otsala ochepawo sakadatha kusenza zonse, ndipo boma la California lidachita kulowererapo ndi ndalama za msonkho. Tsiku la tsoka lenileni, thumba la onse ndilo lidagwira ntchito.

Komatu otsutsa asamangoomberedwa m'manja pa chilichonse. Pali ntchito zina zomwe n'zotsika mtengo ndipo phindu lake n'losakayikitsa. Pa 20 Okutobala 1991, moto wa m'mapiri a Oakland udapha anthu 25 ndi kuwononga nyumba zoposa 3,000. Magetsi atazima, mapampu okweza madzi adaima, matanki a kumtunda n'kuphwa. Choipitsitsa, ozimitsa moto omwe adabwera kudzathandiza kuchokera kumizinda ina adapeza kuti mapaipi awo sakulowa pa mipopi ya Oakland, chifukwa pakamwa pake padali mainchesi atatu pomwe m'mizinda ina yambiri n'mainchesi awiri ndi theka. Jenereta pa pampu iliyonse, zolumikizira zofanana, kudzaza matanki nyengo ya mphepo isanafike, kuyendera mipopi chaka ndi chaka: munthu wokana zimenezi akudzitchera yekha msampha.

Chinanso, ntchito zambiri zomwe zimalembedwa kuti n'za moto, kwenikweni n'zosintha mapaipi owola omwe akadayenera kusinthidwa kalekale. Paipi yachitsulo ya zaka 90 yodzadza dzimbiri imalephera kudyetsa mpopi wa moto, komanso imaphulika m'nyengo yozizira n'kusiya anthu opanda madzi akumwa. Mtengo waukulu pantchito yotere ndi wokumba msewu ndi kuukonzanso, osati wa paipiyo, choncho ngati akumba kale, kuikamo yokulirapo pang'ono kumawonjezera zochepa. Matauni omwe akhala akukana kukweza mitengo kwa zaka makumi awiri amadzakumana ndi kukwera kwa kamodzi n'kamodzi komwe kumapweteka kwambiri osauka omwe ankati akuwateteza. Walira mvula walira matope: wofuna madzi a pampopi wavomeranso kukonza paipi yowabweretsa.

Palinso inshuwalansi. Kampani ya Insurance Services Office imayendera madera a ku America n'kuwapatsa magiredi kuyambira 1, yabwino koposa, mpaka 10, ndipo mapointi 40 pa mapointi opitirira pang'ono 100 amachokera ku madzi. Makampani ambiri a inshuwalansi amayang'ana giredi imeneyo poika mitengo yawo. Tauni ikakonza mapaipi, eni nyumba angapeze kuti zomwe awonjezera pa bilu ya madzi zabwerera pa inshuwalansi. Mabungwe a madzi amakonda kutchula mfundoyi, koma ikaonedwa bwino ikulimbikitsa otsutsa: wopindula ndi kutsika kwa inshuwalansi ndi mwini nyumba, ndipo nyumba ikakhala yodula phindu limakula. Munthu wa lendi wolipira madzi sapezapo kanthu.

Mzinda womwe udasankha njira ina kuyambira kale ndi San Francisco. Chivomezi cha pa 18 Epulo 1906 chidathyola mapaipi a madzi, ndipo moto wa masiku atatu udawononga nyumba pafupifupi 28,000. Mkulu wa ozimitsa moto, Dennis Sullivan, adakhala akuchenjeza kwa zaka kuti mzindawo ukufunika mapaipi apadera a moto, koma adavulala pachivomezicho n'kumwalira asadaone mawu ake akutsatidwa. Mu 1908 ovota adavomereza ngongole ya madola 5.2 miliyoni, ndipo pofika 1913 mzinda udali ndi mapaipi a moto okhaokha, osakhudzana ndi a madzi akumwa. Amadyetsedwa ndi damu la malita pafupifupi 40 miliyoni pamwamba pa phiri la Twin Peaks, ndipo likaphwa pali malo awiri opopera madzi a m'nyanja komanso maboti ozimitsira moto. Pansi pa mphambano zambiri pali zitsime zosungira madzi, zomwe munthu angazizindikire poona njerwa zoyalidwa mozungulira pamsewu. Pachivomezi cha mu 1989, mapaipi atathyoka m'dera la Marina, boti lotchedwa Phoenix ndilo lidapopa madzi a m'nyanja omwe adagonjetsa motowo.

Chofunika pankhani ino ndi momwe amalipirira. Mu 2010, 2014 ndi 2020, anthu a ku San Francisco adavotera ngongole zokonzekera zivomezi ndi ngozi, ya mu 2020 yokha inali madola 628.5 miliyoni, ndipo gawo lake lidapita ku mapaipi a motowa. Ngongole zotere zimabwezedwa ndi msonkho wa malo, choncho wa nyumba yodula amapereka zambiri, ndipo sizingatengedwe pokhapokha ovota awiri mwa atatu alionse atavomera. Akuluakulu amakakamizika kufotokoza chomwe adzamange asadalandire ndalama. Njirayi ili ndi chilema chake, chomwe ndi kuchedwa: patatha zaka zoposa 100, madera a kumadzulo kwa mzindawo monga Sunset ndi Richmond adali asadafikiridwebe mokwanira, ndipo mu 2019 komiti ya nzika yofufuza ntchito za mzinda idadzudzula zimenezi poyera.

Ku England lamulo la madzi la mu 1991 lidadula nkhaniyi mwachidule. Kampani ya madzi siloledwa kulipiritsa madzi omwe atungidwa pozimitsa moto, ndipo mtengo woika ndi kukonza mipopi yomwe ozimitsa moto apempha umagwera nthambi ya ozimitsa motoyo, yomwe imayendera msonkho. Owerenga a ku Malawi angazindikire mphambano yomweyi, popeza ozimitsa moto a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ali pansi pa makhonsolo a mizinda pomwe mapaipi ndi a ma Water Board. Kulikonse komwe galimoto ya moto ili ndi mwini wake ndipo paipi ili ndi mwini wina, funso la wolipira silichedwa kubuka.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, otsutsa kukwera kwa mitengo akulondola pa zinthu ziwiri ndipo akuphonya pa chimodzi. Akulondola kuti chitetezo cha moto chimatsata katundu, choncho mtengo wake sukuyenera kubisika m'malita omwe banja lamwa. Akulondolanso kuti palibe paipi yomwe ingaimitse moto wa chimphepo ngati wa ku Palisades kapena Lahaina, ndipo bungwe logulitsa kukwera kwa mitengo ndi lonjezo lotero liyenera kufunsidwa mafunso olimba. Amaphonya akamakana chilichonse, kuphatikizapo jenereta ya pampu ndi kusintha paipi yowola, ngati kuti mitengo ikaima ndiye kuti dzimbiri nalonso laima.

Munthu wolandira kalata ija ali ndi masiku ochepa, ndipo angawagwiritse ntchito bwino pofunsa bungwe kuti lilekanitse manambala: zingati n'zosinthira mapaipi okalamba, zingati n'zokulitsira chifukwa cha moto, misewu yake iti, ndipo madzi pa mpopi uliwonse adzawonjezeka ndi malita angati pamphindi. Gawo loyambalo n'la olipira madzi ndipo alilipire. Gawo lachiwirilo lipite ku msonkho wa malo kapena ku ngongole yovoteredwa, monga ku San Francisco, ndipo komwe lamulo likukakamiza kuti likhale pa bilu, lilembedwe pamzere wakewake n'kugawidwa potengera kukula kapena mtengo wa nyumba, monga Wisconsin imalolera. Bungwe lokana kuonetsa manambala amenewa silinakwanitse mbali yake, ndipo anthu ali ndi chifukwa chokwanira cholembera kalata yokana.